Mneni ali kumapeto, nanga "kim" ameneyu akutani pakati? Yankho langa pa za chiganizo cha Chichagatai

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akuphunzira ku Turkey pa sikolashipu, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Funso lawo ndilifupikitse chonchi: atha zaka ziwiri ali kumeneko, Chiturki cha ku Istanbul akuchiyankhula ndithu mpaka kunenerera mitengo pamsika, ndiye teremu ino mu kosi ya mbiri ya ziyankhulo aphunzitsi awapatsa masamba a Chichagatai, chija ena amati Chiuzbek chakale, kuti awerenge. Mawu ambiri akuti akuwazindikira, ena akuwapeza mu dikishonale, koma chiganizo chonse chikumawapulumuka m'manja. Analemba kuti: "Anatiphunzitsa kuti mneni amakhala kumapeto, koma apa ndikafika pa mneni chiganizo chikupitirirabe, ndipo pali kamawu kakuti kim kamene kakungopezeka paliponse. Kodi chimenechi ndi Chiturki zoona, kapena ndi Chiperisiya chongobwereka malaya a eni?"

Achimwene, zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli, landisangalatsa mpaka ndasiya zina zonse. Yankho lalifupi ndi lakuti ndi Chiturki ndithu, musakayike. Koma chiganizo chake chimayenda njira ziwiri nthawi imodzi, ndipo inu mwangophunzitsidwa njira imodzi yokha, n'chifukwa chake mukusokera. Ndiye khalani pansi tiyende nazo pang'onopang'ono.

Poyamba za dzinali pang'ono, kwa ena amene akuwerenga koma sanamvepo. Chichagatai ndi chiyankhulo cholembera chimene chinkagwiritsidwa ntchito ku Central Asia kuyambira cha m'ma 1400 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ku Herat, Samarkand, Bukhara, Khiva, Kokand mpaka ku Kashgar, ndipo ankachilemba ndi zilembo za Chiarabu monga momwe Aperisiya anazikonzera. Dzinali linachokera kwa Chagatai Khan, mwana wachiwiri wa Genghis Khan, amene anapatsidwa mbali ya dera limenelo, koma eni akewo kawirikawiri ankangoti turki basi. Dzina loti Chiuzbek chakale linafala m'nthawi ya Soviet Union. Ine sindilikana kotheratu, chifukwa Chiuzbek cha lero chinatulukadi m'mphika umenewu, kungoti Chiuyghur nachonso chinatuluka momwemo, komanso m'masiku a Alisher Navoi, mlakatuli wamkulu wa chiyankhulochi amene anabadwa mu 1441 n'kumwalira mu 1501 ku Herat, mawu oti Uzbek ankanena anthu ena, aja a Shaybani Khan ochokera ku zipululu za kumpoto amene analanda Herat mu 1507. Za izi anthu amakangana mpaka lero, ife tizisiye, tipite ku chiganizo.

Tiyambe ndi chiganizo chimene aliyense wophunzira Chichagatai amakumana nacho tsiku loyamba, cha kumayambiriro kwa buku lotchedwa Baburnama, lolembedwa ndi Babur, mfumu imene inayambitsa ufumu wa Mughal ku India. Ndilemba monga momwe amalembera ku Uzbekistan lero mu zilembo zathu zino. Atatchula mwezi wa Ramadan chaka cha 899 pa kalendala ya Chisilamu, chomwe ndi 1494, amamaliza ndi mawu awa: Farg'ona viloyatida o'n ikki yoshta podshoh bo'ldum. M'Chichewa tingati, ndinakhala mfumu ndili ndi zaka 12 m'dera la Fergana. Tsopano onani dongosolo lake. Farg'ona viloyat-i-da, ndiye kuti Fergana, dera, lake, mu. O'n ikki yosh-ta, khumi ziwiri, zaka, pa. Podshoh, mfumu. Bo'l-du-m, khala, kale, ine. Mwaona eti? Chimene ife timayamba nacho, "ndinakhala", iwo amamaliza nacho, ndipo ngakhale mkati mwa mneni momwemo "ine" ali kumchira pamene ife "ndi-" wathu ali kumutu. Mnyamata wa zaka 12 uja, bambo ake Umar Shaykh atangomwalira kumene pogwa ndi khola la nkhunda m'phompho ku Akhsi, amakuuzani nthawi, malo, msinkhu, udindo, kenaka liwu lomaliza ndi pomwe mukudziwa kuti akunena za iye mwini.

Ine ndimazifanizira ndi wilibala. Chiganizo cha Chichewa chili ngati ngolo, ng'ombe patsogolo katundu akutsatira m'mbuyo. Cha Chiturki ndi wilibala, katundu yense waunjikidwa patsogolo ndipo wokankha ali kumbuyo. Izi sizichitika pa mneni pokha ayi, zili paliponse. Mfotokozi amatsogolera dzina. Mwini chinthu amatsogolera chinthu chake, xon-ning ot-i, kunena kuti mfumu-ya kavalo-wake, kavalo wa mfumu. Aperekezi athu aja monga ndi, chifukwa cha, ngati, iwo amawaika pambuyo pa dzina: bila kapena birla, uchun, kibi. Ndipo m'chiganizo cha Babur chija mawu oti viloyat ndi a Chiarabu, podshoh ndi a Chiperisiya, koma tizidutswa tomwe tawamanga pamodzi, -i, -da, -ta, -dum, tonse n'ta Chiturki. Apa ndi pamene yankho la funso lanu lagona. Chiyankhulo sitichiweruza ndi mawu amene chabwereka, timayang'ana misomali yake.

Misomali imeneyi muiloweze bwinobwino chifukwa ikusiyana pang'ono ndi ya ku Istanbul imene mwaizolowera. Chiturki cha ku Turkey chili m'nthambi ya Oghuz, Chichagatai chili m'nthambi ya Karluk, ndi pachibale koma si mimba imodzi. Pamtherankhani wodziwika amatenga -ni, pamene inu mwazolowera -i. Kumene chinthu chikupita ndi -g'a kapena -ga, inu mumati -a kapena -e. Kochokera ndi -din, inu mumati -dan, ndipo Chiuzbek cha lero nachonso chimati -dan pamene Chiuyghur chinasunga -din. Olmak wanu uja, kukhala, kuno ndi bo'lmoq; var, pali, ndi bor; gelen, wobwera, ndi kelgan. Mukangozolowera zimenezi theka la mantha latha.

Tsopano chinthu chimene chimatalikitsa ziganizo zawo, chomwe ndikuganiza kuti ife a Chichewa timachimva msanga kuposa Mngelezi. Pali kachidutswa -b kapena -ib, -ub, kamene kamamatidwa pa tsinde la mneni, ndipo mneni wotereyu alibe nthawi, alibe mwini, amangodikira mneni womaliza kuti amuuze zonsezo. Chitsanzo ichi ndapanga ndekha motsatira kalembedwe kawo: otlanib, daryodin o'tub, shaharg'a kelduk. Otlanib, kukwera kavalo. Daryodin o'tub, kuwoloka mtsinje. Shaharg'a kelduk, tinafika mumzinda. Ndani anakwera kavalo, liti? Simudziwa mpaka mutafika pa kelduk, pomwe -k akukuuzani kuti ndi ife ndipo -du- akuti zinachitika kale. Nanga ife sitichita zomwezo? Tinakwera akavalo n'kuwoloka mtsinje n'kufika mumzinda. N'kuwoloka alibe nthawi alibe mwini, akudalira "tinakwera" amene ali kumayambiriro. Ndi chinthu chimodzimodzi, kungoti mkanda wathu mfundo yake ili koyambirira, wawo mfundo ili kumapeto. Wolemba mbiri ya nkhondo amatha kulumikiza aneni otere asanu, asanu ndi atatu, mzere pa mzere, ndipo wowerenga wachilendo amatopa akuganiza kuti chiganizo chilibe mutu, chonsecho mutu ulipo ukungomudikira kumunsi kwa tsamba.

Abale ake a -ib alipo angapo ndipo aliyense ali ndi ntchito yake. -g'ach kapena -gach ndi "atango-", kelgach, atangofika. -g'uncha ndi mpaka. -g'ali kapena -gali ndi cholinga, ko'rgali keldi, anabwera kudzaona, ngati -dza- wathu uja. -may ndi "osa-", ko'rmay, osaona. Ndipo -sa ndi "-ka-" wathu wa ngati, kelsa, akabwera. Onsewa amakhala patsogolo pa mneni wamkulu, onse ndi katundu wa mu wilibala.

Nanga "amene" amamunena bwanji? Mwa Chiturki chenicheni palibe liwu loti amene. Amatenga mneni n'kumusandutsa mfotokozi n'kumuika patsogolo pa dzina. Kelgan kishi, wobwera munthu, munthu amene wabwera. Men ko'rgan kitob, ine woona buku, buku limene ndinaona, ndipo taonani kuti -gan yemweyo akugwira ntchito zonse ziwiri pamene ku Istanbul mukanasiyanitsa gelen, wobwera, ndi gördüğüm, chimene ndinaona. Babur pofotokoza kwawo ku Andijan analemba kuti mumzinda ndi pamsika pake turkiy bilmas kishi yo'qtur. Turkiy bilmas kishi, Chiturki wosadziwa munthu. Yo'q-tur, palibe. Palibe munthu wosadziwa Chiturki. Ndimachikonda chiganizo chimenechi chifukwa n'chowongoka ngati msewu wa tala, mawu anayi basi, ndipo bor ndi yo'q ndi "pali" ndi "palibe" athu enieni. Kachidutswa -tur kapena -dur kali kumapetoko kanachokera ku mneni turur, kuima, ndipo kamagwira ntchito ya "ndi". Mukakaona dziwani kuti nthawi zambiri mwafika pa mpumiro.

Ndatchula mpumiro dala. Zolemba pamanja za nthawi imeneyo zilibe mpumiro kapena mpatuliro monga tikuwadziwira ife, amene mukuwaona m'buku losindikizidwa anaikamo ndi akonzi a masiku ano. Ndimakumbuka tsiku lina ndili ndi fotokope ya tsamba limodzi patebulo usiku, zilembo zopendekeka zija zikuyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere popanda popumira, ndinatenga cholembera chofiira n'kuyamba kuzunguliza paliponse pamene ndaona -dur, erdi, -di, -dilar, -duk. Nditamaliza ndinawerenga timizere tofiira tija, tinalipo 9, ndipo tsamba limene linkaoneka ngati khoma limodzi linasanduka zipinda 9. Chitani zomwezo musanatsegule dikishonale. Pezani kaye aneni omaliza, kenaka muziyenda chobwerera kufunsa kuti ndani, chiyani, kuti, liti.

Tsopano tafika pa kim wanu uja. Mpaka apa zonse zimene ndanena zikukankhira katundu kutsogolo kwa mneni. Koma anthu amene ankalemba Chichagatai ankadziwanso Chiperisiya, ambiri a iwo ngati chiyankhulo cha kusukulu ndi cha ku bwalo la mfumu, Navoi yemweyo analemba ndakatulo za Chiperisiya pogwiritsa ntchito dzina loti Foniy. Chiperisiya nachonso chimaika mneni kumapeto, koma nthambi za chiganizo chimaziika pambuyo, chikuzitsegula ndi kamawu koti ki. Ndiye Chiturki chinali kale ndi liwu lake kim, lotanthauza ndani, ndipo liwu limeneli linasenza ntchito zonse za ki wa Chiperisiya. Zotsatira zake n'zakuti wilibala ija anaimangirira ngolo kumbuyo. Mneni wamkulu wafika, inu mukuti tatha, koma kim akuti ayi dikirani, pali katundu wina akubwera.

Taonani uthenga umodzi m'njira ziwiri, zitsanzo zanganso izi. Njira ya Chiturki: yog'iy keladur deb xabar keldi. Liwu ndi liwu, mdani akubwera, ponena, uthenga unafika. Njira ya Chiperisiya: xabar keldikim, yog'iy keladur. Uthenga unafika kuti mdani akubwera. Yachiwiriyi ndi Chichewa chenicheni m'dongosolo lake, palibe chosuntha. Chimodzimodzinso ndi amene: kelgan kishi mutha kumupezanso ali ul kishikim keldi, munthu uja amene anabwera. Ndiye lamulo langa ndi ili achimwene, mukakumana ndi kim kapena ki, siyani kuwerenga ngati wa ku Istanbul, werengani ngati wa kwathu. Yesani "kuti", ikakana yesani "amene", ikakananso yesani "moti" kapena "chifukwa", imodzi mwa izi ilowa. Amakondanso kumatirira kim ku mawu ena: chunkim, ani uchunkim kutanthauza chifukwa chakuti, bovujudkim kutanthauza ngakhale kuti, andoqkim monga momwe.

Ndipo Babur yemwe uja wa ziganizo zowongoka, pa ndime yomweyo ya Andijan, akangomaliza kunena kuti mayankhulidwe a anthu akwawo amagwirizana ndi chiyankhulo cholembedwa, amatembenuka n'kupereka chifukwa ndi ani uchunkim, mkati mwake n'kulowetsamonso bovujudkim, kunena kuti zolemba za Mir Alisher Navoi, ngakhale kuti iyeyo anakulira ku Herat, zili m'chiyankhulo chimenechi. Ziganizo zitatu zazifupi za Chiturki kenaka chimodzi chokhotakhota cha ma kim awiri, munthu mmodzi, ndime imodzi. Iye sankaona ngati akusakaniza ziyankhulo, ankangotola chida chimene chili pafupi.

Ndibwerere kwa deb, chifukwa apa mtima wanga umadumpha ndithu. Deb ndi mneni de-, kunena, atamatidwa -b uja. Ndiye kuti liwu limene limatseka mawu a munthu linachokera ku mneni wa kunena. Nanga "kuti" wathu anachokera kuti? Ku mneni -ti, uja wa anati, akuti, ndimati. Ziyankhulo ziwiri zopanda ubale ngakhale pang'ono, china ku Fergana china kuno, zinapeza njira imodzi. Ndipo sizithera pa mawu ogwidwa okha, deb amanenanso cholinga ndi maganizo, ravshan bo'lsun deb, kuti zimveke bwino, monga momwe ife timanenera kuti ndabwera kuti ndikuoneni. Ndi diye wanu wa ku Istanbul yemweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuti wathu amatsegula chitseko pamene deb amatseka. Nthawi zina mupeza wolemba watsegula ndi dedikim, anati kuti, n'kutsekanso ndi deb kumapeto, zipata ziwiri pa mawu amodzi, musadabwe, kumeneko n'kukuthandizani kudziwa poyambira ndi pothera.

Chinthu chachiwiri chimene chinachokera ku Chiperisiya ndi izofa, kaphokoso ka -i kolumikiza mayina awiri mosemphana ndi dongosolo la Chiturki. Podshoh-i olam, mfumu ya dziko. Apanso ndi dongosolo lathu ndendende, -i ameneyu ndi wa, ya, cha, la wathu. Mwa Chiturki akanati olam podshohi. Vuto lake n'lakuti m'zilembo za Chiarabu kaphokosoka kawirikawiri sikalembedwa dzina likathera ndi konsonanti, mumangoona mayina awiri ataima moyandikana ndipo muyenera kumva nokha kuti agwirana manja. Koma taonani chimene chimachitika gulu lotere likalowa m'chiganizo: podshoh-i olam-g'a, kwa mfumu ya dziko. Gulu lonse la Chiperisiya lija lamezedwa ngati dzina limodzi, msomali wa Chiturki n'kukhomedwa kumapeto. Mlendo walowa ndi katundu wake koma akugona m'nyumba ya eni ndipo akutsata malamulo a pakhomopo.

M'ndakatulo zinthu zimamasuka kwambiri, ndipo ngati masamba amene anakupatsaniwo ndi a ndakatulo ndiye mavuto anu ndikuwamvetsa kawiri. Alakatuli ankalemba motsata aruz, muyeso wa maphatikizo aatali ndi aafupi umene unachokera kwa Aarabu kudzera kwa Aperisiya, ndipo chifukwa cha muyesowu ndi kufanana kwa mawu a kumapeto kwa mizere mneni amatha kupezeka paliponse. Chimene chimakupulumutsani ndi misomali ija, -ni akadali -ni kulikonse kumene waponyedwa. Pali kandakatulo ka Navoi ka mizere inayi kamene ana asukulu ku Uzbekistan amaloweza, kamayamba kuti G'urbatda g'arib shodmon bo'lmas emish, kuchilendo mlendo sakondwa, akutero. Emish ameneyu ndi chinthu chokoma, amasonyeza kuti wonenayo anachita kumva kapena wangozindikira kumene, ngati timati "akuti" kapena "kani". Mzere wachitatu umati Oltin qafas ichra gar qizil gul butsa, ngakhale duwa lofiira litamera m'khola lagolide. Taonani gar ndi butsa: gar ndi "ngati" wa Chiperisiya ali kutsogolo, -sa ndi "ngati" wa Chiturki ali kumbuyo, onse awiri akugwira ntchito imodzi mu mzere umodzi. Ngati mukufuna chithunzi chimodzi cha chiganizo cha Chichagatai, ndi chimenechi. Ndipo ndikudziwa kuti inu amene muli kutali ndi kwanu mzere woyamba uja simufunika kuumasuliridwa kawiri.

Navoi mwiniwake ankadziwa kuti mphamvu ya chiyankhulo chake ili mwa mneni. Mu 1499, kutatsala chaka chimodzi ndi pang'ono kuti amwalire, analemba kabuku kotchedwa Muhokamat ul-lug'atayn koyerekeza Chiturki ndi Chiperisiya, momwe anandandalika aneni 100 amene anati Chiperisiya sichingawanene ndi liwu limodzi. Anasonyezanso momwe kachilembo kamodzi kamasinthira mneni, -sh kopanga kuchitirana monga topishmoq, kupezana, ndi -t kopanga kuchititsa monga yugurt, thamangitsa. Nditawerenga zimenezo koyamba ndinaima kaye, chifukwa ndi -ana ndi -itsa athu, zinthu zimene mwana wa Sitandade 5 amazidziwa. Kabuku komweko kadzaza ndi mawu a Chiarabu ndi Chiperisiya ndi ma kim osawerengeka, ndipo ine sindiona kutsutsana kulikonse pamenepo, munthuyo sankalimbana ndi mawu obwereka, ankafuna kuti alakatuli achinyamata a mtundu wake asiye kuganiza kuti zinthu zokongola zimanenedwa m'Chiperisiya mokha.

Muyenera kudziwanso kuti kuchuluka kwa njira yachiwiriyi kumadalira wolemba ndi mtundu wa cholembedwa. Mawu oyamba a buku, makalata a mafumu, zotamanda Mulungu ndi mfumu, izi ankazilemba mokometsera ndi mawu omveka mofanana kumapeto kwa nthambi iliyonse, izofa pa izofa, moti mutha kuyenda mizere itatu musanakumane ndi liwu la Chiturki kupatula timisomali tija ndi mneni womaliza. Olemba mbiri a ku Khiva a m'zaka za m'ma 1800, Munis ndi Ogahiy, ankakonda kalembedwe kolemera kotere. Koma ku Khiva komweko zaka pafupifupi 200 m'mbuyo mwake kunali mfumu Abulg'ozi Bahodirxon, amene anamwalira cha m'ma 1663, yemwe polemba buku lake la mibadwo ya Aturki ananena poyera kuti walilemba mosavuta kuti ngakhale mwana wa zaka zisanu amve. Ziganizo zake n'zazifupi, -ib ndi deb ali ponseponse, zikumveka ngati agogo akusimba nkhani pabwalo. Komabe dzina la bukulo ndi Shajara-i turk, izofa yeniyeni, osati turk shajarasi. Ngakhale amene ankathawa Chiperisiya anali nacho m'magazi a cholembera chake.

Kwa ine Babur ndi amene anapeza muyeso wabwino, ndipo ndikunena izi monga maganizo anga. Akamafotokoza mavwende, mitsinje, nkhope ya munthu kapena kuthawa kwake usiku, amalemba mwa wilibala, mwachangu, mneni pa mneni. Akafuna kulingalira, kupereka chifukwa, kuvomereza mbali ina kenaka n'kutsutsa, amatsegula kim. Njira ya Chiturki ndi yabwino posimba zochitika motsatizana, koma imamukakamiza wolemba kudziwiratu mathero asanayambe, pamene kim amamulola kuwonjezera ganizo limene labwera mochedwa, monga timachitira poyankhula. Munthu wokhala ndi zida zonse ziwiri ndi wolemera kuposa wokhala ndi chimodzi. N'zomvetsa chisoni pang'ono kuti zidzukulu zake ku India zinafika posowa chiyankhulochi, moti mu 1589 nduna ina, Abdur Rahim Khan-i-Khanan, inamasulira buku la Baburnama m'Chiperisiya n'kulipereka kwa mfumu Akbar, mdzukulu wa Babur.

Nanga zinatha bwanji? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ophunzira ofuna kusintha zinthu, aja ankatchedwa ma Jadid, anayamba kulemba moyandikira mayankhulidwe a anthu m'manyuzipepala ndi m'mabuku asukulu. Dziko la Uzbek SSR, Uzbekistan wa m'nthawi ya Soviet Union, litakhazikitsidwa mu 1924 chiyankhulo cholembera chatsopano chinamangidwa, zilembo zinasintha kupita ku za Chilatini chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ku za Cyrillic, zija za Chirasha, mu 1940, ndi kubwereranso ku za Chilatini kuyambira 1993. M'Chiuzbek cha lero izofa inatsala m'mawu ochepa ozolowereka, kim uja anafupika kukhala -ki ndipo sapezeka kwambiri monga kale, koma timawu tobwereka monga va (ndi), agar (ngati), chunki (chifukwa), garchi (ngakhale) ndi ammo (koma) tikadali moyo tsiku ndi tsiku. Wilibala ija ndiyo sinasinthe, -ib, -gan, deb ndi mneni wa kumapeto zili momwemo.

Za poyambira, musayambe ndi ndakatulo za Navoi zotchedwa ghazal, zidikireni kaye. Yambani ndi ndime ya Babur yofotokoza Fergana ndi matauni ake, ili koyambirira kwenikweni kwa buku ndipo ziganizo zambiri n'za mawu osapitirira khumi, kenaka mupite kwa Abulg'ozi. Buku la galamala la János Eckmann la 1966, Chagatay Manual, mwina lilipo mu laibulale ya pa yunivesite yanu poti iyeyo anagwirapo ntchito ku Turkey, ndipo la Eric Schluessel la 2018 linakonzedwa ngati maphunziro a sitepe ndi sitepe, limayamba ndi zilembo zenizenizo. Zolembera mutenge ziwiri, chofiira cha aneni omaliza ndi chobiriwira cha kim ndi deb. Ndipo tsamba limene lakuvutanilo lijambuleni pa foni munditumizire pa imelo yomweyi, mundiuze mzere umene mwaimapo, tiliwerengere limodzi.